Waya Wodutsa Pansi pa Kapinga

Ine sindinkagula chinthu pa mtengo woyamba. Ndi matenda a ntchito. Zaka zambiri ndakhala ndikugulitsa masipeya a njinga pamsika mu Kabwe muno, ndipo munthu amene tsiku lonse amalimbana ndi anthu ofuna tcheni pa mtengo wa sipoko, akaweruka naye amafuna pobwezera. Ndinanenererapo bokosi la maliro a malume anga mpaka kalipentala anandifunsa ngati ndikufuna kuti malumewo apinde miyendo. Mayi a kunyumba amati tsiku langa lomaliza mwambo udzachedwa, chifukwa ndidzadzuka kufunsa okumba manda ngati sangatsitseko pang'ono.

Ndikunena izi kuti mudziwiretu: pa nkhani ya intaneti ija palibe amene anandipusitsa. Ndinapambana ine. Ndinapambana kawiri tsiku limodzi, ndipo mpaka lero ndikuthirirabe chipambanocho m'mawa ndi madzulo.

Nyumba yathu ili ku Kasanda. Anaisiya ndi atate anga, amene anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pamgodi wa mtovu. Mgodiwo unatsekedwa kalekale, koma mtovu palibe anaupatsa kalata yoti ntchito yatha. Ukadali m'dothi, ukadali m'fumbi limene mphepo imatibweretsera mpaka pambale. Ife tinakulira momwemo, tikumenya mpira wa mapepala, tikudya mango ogwa pansi titangowapukuta pa kabudula. Titamva ukulu uno kuti fumbi limeneli limaononga mitu ya ana, tinkaseka n'kumati, "Mwaona? Sukulu ija sitinaithawe chifukwa cha ulesi." Kumakhala kuseka kwa anthu opanda kwina kosamukira.

Mwana wathu wamkazi saseka nawo. Iye ndi namwino ku Lusaka, amagwira ntchito ya mashifiti, amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, ndipo mwamuna wake amayendetsa malole opita kunja, kunyumba amangoonekera ngati mwezi. Mwana wawo wamkazi, mdzukulu wathu, atakwanitsa zaka zitatu, tinapempha kuti azikhala nafe. Tinanena kuti tikufuna kuthandiza. Zoona zake, nyumba inali itazizira. Ine ndi mayi a kunyumba tinali titamaliza nkhani zonse, ngakhale zokangana tinkachita kubwereza zakale.

Anavomera, koma ndi lamulo.

"Adadi, mwanayu ndikupatsani. Koma pabwalo paja pasaoneke dothi lofiira ngakhale pokwana chikhatho. Muthire dothi lina pamwamba, mubzale kapinga. Tsiku limene ndidzaone mwana wanga ali pa dothi la Kasanda, ndidzamutenga. Ndipo sindikunenerera."

Mawu omalizawo ananena akuyang'ana ine. Amandidziwa.

Amene analipira kwambiri lamulo limenelo ndi mayi a kunyumba. Iwo analeredwa kuti bwalo la mkazi weniweni limakhala mbee, losesedwa tambala asanatsike, mizere ya tsache ikuoneka ngati tsitsi lopesa. Udzu pakhomo, kwawo, ndi mbiri ya ulesi komanso lendi yaulere ya njoka. Koma tsache analipachika. Dothi lakuda tinakagula cha ku Mpima, kufupi ndi seminale, ndipo ndinkauza aneba kuti dothi lathu n'lophunzira, lamvako Chilatini. Kapinga anakapempha kwa amayi anzawo a kutchalitchi, n'kumabwera naye m'matumba pa kaliyala ya njinga. Anabzala kamtsitsi kamodzikamodzi atagwada, akuthirira ndi madzi otsukira mbale. Patapita miyezi, bwalo linatsekana, biriwiri kuyambira pageti mpaka pakhonde. Mwana anabwera ndi kachikwama kake, nyumba n'kuyambanso phokoso. Nsapato zinkavulidwa pakhomo, manja ankasambidwa kangapo patsiku, ndipo ine, bambo wa imvi, ndinaphunzira kukolopa.

Lamlungu lililonse, tikachoka ku Misa n'kudya, mayi ake ankaimba foni ya vidiyo. Intaneti yathu inali ya kabokosi kolowetsa simu, kamene tinkakakhazika pawindo la pabalaza ngati mphaka woothera dzuwa. Netiweki yake inali yamanyazi. Ukangoponda pakhonde, yatha. Ngakhale m'nyumba momwemo, nkhope ya mwana wathu inkaoneka ngati ya munthu amene ali pansi pa madzi. Ankauma kukamwa kuli yasa, mawu ake n'kudzafika iye atasiya kale kulankhula. Tinali titazolowera. Koma tsiku lina mdzukulu anayang'anitsitsa foni, n'kuibweza kwa ine.

"Agogo, amami awa si anga. Alibe maso."

Ndiye musati ndinasintha intaneti chifukwa cha matama okha. Matama analipo, sindikana. Mlamu wanga wa ku Ngungu anali atalowetsa kale intaneti ya waya, ndipo nkhani iliyonse, ngakhale ya matenda a nkhuku, ankaikhotetsa mpaka ifike pa intaneti yake. Koma chachikulu chinali maso a mayi ake a mwana.

Kampani yatsopanoyo inali itazika mapholo mumsewu wathu. Amene anabwera kudzaona pakhomo anali mayi wina wa zaka ngati za mwana wangayo, wovala sikipa ya kampani ndi chipewa cha dzuwa, Chinyanja chake chotsamira ku Chibemba, moti m'malo mwa agogo ankanditchula kuti ba shikulu. Linali Lachisanu. Mayi a kunyumba anali atanyamuka m'mawa womwewo kupita ku Katete, kumaliro a azakhali awo, ndipo ankayembekezeka Loweruka la sabata yotsatira.

Mayi wa kampani uja anawerenga mapazi kuchokera pa pholo la mumsewu mpaka pakhoma la nyumba, n'kupukusa mutu.

"Ba shikulu, nyumba yanu ili mkati kwambiri. Waya alendewera. Pafunika pholo lina pakati apa, ndipo limenelo mumalipira padera."

"Pholo? Mtengo wouma umodzi? Mwana wanga, suukuona mango awo? Mtengo wamoyo, waulere, wokhala ndi mthunzi womwe."

"Mango amakula, ba shikulu. Waya sakula."

Ndinadziwa kuti ndapeza mnzanga. Magazi anayamba kuyenda bwino.

"Nanga popanda pholo?"

"Timadutsitsa pansi, m'payipi. Koma okumba ngalande nawonso amadya."

"Nanga ngalandeyo mutaipeza yokumbakumba?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuyeza ngati ndingamalize kapena adzandipeza momwemo.

"Mukakumba nokha, palibe za pholo, palibe za okumba." Kenaka anayang'ana kapinga uja, n'kutsitsa mawu. "Koma kuno ku Kasanda ambiri amasankha pholo. Amati sakufuna kudzutsa dothi. Amayi avomera?"

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Munthu wamba akanamva chenjezo. Ine, katswiri, ndinamva njomba ya malonda. Si mmene ndimachitira ine? Munthu akafuna tayala lotchipa ndimatsitsa mawu, n'kumuuza ngati m'bale kuti, "Ambiri amatenga ili, bwana." Ndinamwetulira mumtima n'kuti, iwe mwana, nyimbo imeneyo ndinkaimba usanabadwe.

"Amayi ali kumaliro. Pakhomo pano tambala ndine. Ndikumba."

Ndikanalekera pomwepo. Koma malonda opanda mbasela ndi ndiwo zopanda mchere. M'chikwama chake ndinaonamo marauta awiri, timakina timene timamwaza intaneti m'nyumba: ina ya nyanga ziwiri, ina ya nyanga zinayi.

"Yanga ndi ya nyanga zinayiyo."

"Imeneyo ndi ya nyumba zazikulu, za zipinda zambiri. Imafika mpaka kunja. Inu ya ziwiri ikukwanani."

"Munthu wokumba yekha ngalande mungamupatse mbuzi m'malo mwa ng'ombe?"

Anakana. Chida chachikulu cha wonenerera ndi kutembenuka n'kuyamba kuchokapo, kuti wogulitsa akuitane. Vuto linali lakuti tinali pakhomo panga, ndinalibe kopita. Ndinangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, n'kuima kuseri kwake ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Ndinawerenga mpaka khumi ndi zisanu. Kenaka ndinamva:

"Ba shikulu! Tulukani, mwawina. Koma mkazi wanu ndikumumvera chisoni."

Anati olumikiza waya abwera Lachiwiri. Pulani yanga inali yosalala ngati limu ya njinga yatsopano: Lolemba kukumba, Lachiwiri waya, Lachitatu kukwirira n'kubwezera kapinga. Loweruka mayi a kunyumba akafika, apeza bwalo lili momwe analisiyira, Lamlungu n'kuona mwana wawo ali ndi maso. Kabokosi kakale kaja ndinakagulitsa kwa neba Lamlungu lomwelo, titangomaliza foni. Ndinkati ndisunge chiyani chinthu chakufa?

Lolemba sindinatsegule pamsika. Nditamusiya mwana ku sukulu ya mkaka, ndinatenga piki ndi fosholo. Munali mu Okutobala, dzuwa lija limene limaotcha ngati lili ndi mlandu nawe. Kapinga ndinkamudula m'zigamba n'kumaponya kumbali mmene zagwera, zina chagada. Dothi lakuda la ku Mpima linali lokuya chikhatho chimodzi ndi theka. Pansi pake panatuluka lofiira, louma, lonunkhira ubwana wanga, ngati mnzanga wakale amene tinamuthamangitsa pakhomo koma sanapite kutali. Ndinakumba mpaka m'mawondo. Ndinkaopa kuti akabwera anganene kuti ngalande yachepa, n'kupezerapo mpata wondilipiritsa. Pofika masana panali mzere kuchokera pageti mpaka pakhoma, ndi mulu wautali wofiira pambali pake. Ndinaima m'chiuno mukuwawa, ndikudzitamandira.

Lachiwiri sanabwere.

Lachitatu ndinaimba foni. Anayankha mwamuna wa mawu okoma.

"Tili m'njira, bosi."

"Njira yake iti? Kabwe ali ndi misewu ingati?"

"Tangotsala ndi nyumba imodzi, bosi, kenaka ndinu."

Lachinayi anati galimoto yapita kukatenga payipi. Lachisanu anati payipi yafika koma galimoto ndiye ayi. Sindinathe kukwiya bwinobwino, chifukwa mawu onsewo ndinkawadziwa. Ine ndauzapo anthu angati kuti sipeya yawo ifika mawa kuchokera ku Lusaka, ndisanaiitanitse n'komwe? Ndinkangomva ngati ndikulankhula ndi ine ndemwe, ndipo ndinaona kuti ndine munthu wotopetsa.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinakwirire ngalandeyo n'kudikira. Nanenso ndimadzifunsa. M'mawa uliwonse ndinkati abwera lero, ndipo ndikakwirira ndiye kuti ndikumbanso, ntchito yaulere ija ikhala yowirikiza. Mphepo ya masana inkanyamula fumbi pa mulu uja n'kulimwaza pa kapinga, pakhonde, pa zovala zoyanika. Mwana ndinamuuza kuti asayandikire, m'dzenjemo muli njoka. Anavomera ndi mutu. Koma taganizani: mwana wa zaka zinayi amene sanaloledwepo kugwira dothi, mwadzidzidzi agogo ake amuunjikira phiri lathunthu pakhomo.

Lachinayi masana ndinalowa m'nyumba kukayankha foni ya anthu a payipi aja. Sindinachedwe. Potuluka ndinamupeza atakhala pamwamba pa mulu, miyendo tambalale, atathira madzi a m'kabotolo kake. Anali atandandalika timakeke tofiira pa chivindikiro cha ndowa. Manja ofiira mpaka m'zigongono, ndipo pakona ya kamwa pali kachizindikiro koti wophika analawa.

"Agogo, ndakuphikirani. Njoka mulibe, ndayang'ana."

Pamenepo nthabwala zonse zinandithawa. Ndinamunyamula n'kumusambitsa katatu ndi sopo, n'kumutsukitsa m'kamwa mpaka analira. Kenaka ndinamuwenga zikhadabo zonse. Mulu uja ndinauthira madzi n'kuufunditsa masaka. Koma ngalande sindinakwirire. Anali atanena kuti mawa.

Loweruka mayi a kunyumba anafika ndi thumba la mtedza pamutu. Anatsegula geti n'kuima. Anayang'ana ngalande, masaka, zigamba za kapinga zimene zinali zitauma ngati fodya. Thumba sanatule. Ine ndinali pakhonde nditakonzeka ndi mfundo zisanu.

"Ndachoka kumaliro, ndapeza manda," anatero. "Tikuika ndani?"

"Mayi, khalani pansi ndikufotokozereni. Anafuna kutidyera pa pholo."

"Pholo."

"Mtengo wouma umodzi basi! Ndiye ine..."

"Mwana wagwira dothi limeneli?"

Mfundo zanga zisanu zinabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

"Kamodzi. Ndinamusambitsa."

Anatula thumba pang'onopang'ono. Anatola chigamba chimodzi cha kapinga, n'kuchitembenuza, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanakuwa. Munthu wokuwa umatha kunenerera naye.

"Mawondo anga ali m'menemu, bambo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo mwana sanatulukenso pabwalo. Lamlungu mayi ake anaimba foni wamba, ine n'kumuuza kuti vidiyo sitheka, tikusintha netiweki. Linali bodza lovala zoona.

Olumikiza waya anafika Lachitatu linalo, ngalande itagona masiku asanu ndi anayi. Wamkulu wawo anali bambo wa msinkhu wanga, wa ovolosi yong'ambika pabondo. Anasuzumira m'ngalande n'kuimba mluzu.

"Mudala, mukufuna kutsegulanso mgodi?"

"Ndimafuna musapeze chonena."

"Payipi yake ndi iyi, ngati chala. Chikhatho chimodzi chikanakwana. Simukanafika n'komwe pa lofiirali."

Ananena izi mayi a kunyumba ali pakhomo, akumva. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ntchito yawo sinatenge ngakhale maola awiri. Rauta ya nyanga zinayi anaikhoma pakhoma la pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha Mtima Woyera, magetsi ake obiriwira akuphethira. Ine ndinakwirira ngalande tsiku lomwelo. Koma dothi ukalidzutsa silibwerera mmene linagonera. Lakuda ndi lofiira zinali zitasakanikirana, ndipo lofiira ndi limene linakhala pamwamba. Kapinga wakufa uja ndinayesa kumuyala ngati wigi, koma mphepo inamunyamula. Panatsala chipsera chofiira, chotambalala ngati mkeka wopinda, kuchokera pageti mpaka pakhoma.

Loweruka ndinakambirana ndi mayi a kunyumba.

"Mawa tiimbire pabalaza, makatani otseka. Milungu iwiri yokha, ndikonza, sadziwa kanthu."

"Ine sindinama. Akandifunsa, ndinena."

"Nanga akapanda kufunsa?"

"Sindiyamba ndine. Osati chifukwa cha inu. Chifukwa cha mwanayu."

Lamlungu titachoka ku Misa, foni inalira. Ndinadina, ndipo mwana wathu anatulukira ngati wakhala pampando wa patsogolo pathu. Kampata ka m'mano ake, kachipsera ka pachipumi kamene anagwa nako pa njinga yanga ali wamng'ono, zonse poyera. Mayi a kunyumba anagwira pakamwa. Mdzukulu anakuwa:

"Amami! Muli ndi maso!"

"Adadi, imvi zonsezo zabwera liti?" anatero mayi ake akuseka. "Kale sindinkaziona."

"Ndi za intaneti yatsopanoyi, mwana wanga. Zabwera ngati mbasela."

Kwa mphindi zisanu ndinali mfumu. Ndinayang'ana mayi a kunyumba ndi diso lija lonena kuti, mwaona? Kenaka mwana anatsomphola foni m'manja mwanga.

"Amami, bwerani muone msewu wa agogo!"

Anathamangira pakhomo. Ndipo ine sindinadzuke. Ichi ndicho chimandiseketsa ndikakhala ndekha, kuseka kowawa. Chaka chathunthu thupi langa linali litaphunzira kuti foni ikafika pakhonde imafa yokha. Ndinakhala phee pampando, ndikudikira kuti netiweki indipulumutse monga mwa masiku onse. Pakhoma, nyanga zinayi zinali chilili, zikugwira ntchito imene ndinaimenyera nkhondo kuseri kwa chitseko.

Mawu a mwana wathu anamveka kuchokera kugeti, omveka ngati wailesi yatsopano.

"Ima pomwepo. Loza foni pansi. Yenda pang'onopang'ono." Mwana anayenda motsata chipsera chija. "Unaseweretsa dothi limenelo?"

"Ndinaphika makeke. Agogo anandisambitsa katatu!"

"Kapatse agogo ako aamuna foni."

Walira mvula walira matope. Ndinalandira foni ndi manja awiri, ngati ndikulandira kalata ya kukhoti. Nkhope yake inali yoonekera bwino kwambiri. Ndinalakalaka ikanakhala ija ya pansi pa madzi.

"Adadi, lakhala poyera masiku angati?"

"Ochepa."

"Amami, masiku angati?"

"Ngalande, asanu ndi anayi. Chipserachi, anayi," anayankha mayi a kunyumba ali kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, tamvera. Ndipatse milungu iwiri."

"Ayi."

"Sabata imodzi. Ndiitanitsa dothi mawa."

"Ayi, adadi."

"Masiku atatu! Ndithira simenti, ndiyala njerwa, mwana satuluka m'nyumba, ndikulonjeza pamaso pa..."

"Adadi. Ndinakuuzani kuti sindikunenerera."

Sanakweze mawu. Ndinaona maso ake akudzaza misozi, dontho lililonse looneka bwinobwino. Intaneti yabwino kwabasi.

Anafika Lachiwiri pa basi ya m'mawa, atasinthana shifiti ndi mnzake. Iye Lachiwiri lake silisuntha. Anapereka moni mwaulemu, anagwada popereka shuga ndi buledi kwa mayi ake, kenaka n'kulongedza zovala za mwana. Ine ndinayesa kunena kuti ifeyo tinakulira m'dothi lomweli ndipo tili moyo. Anandiyang'ana.

"Inenso ndinakulira momwemu, adadi. N'chifukwa chake ndikumutenga."

Ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi, kachikwama ka mwana kali pa kaliyala. Mwana ankaganiza kuti akupita kukacheza, ndipo anandilangiza kuti ndisadye makeke ake onse. Minibasi itatsala pang'ono kunyamuka, mayi ake anatulutsa mutu pawindo.

"Kapinga akatsekana, osaoneka dothi ngakhale pang'ono, mudzandionetse. Netiweki muli nayo yabwino."

Mawa lake ndinapalasa njinga mpaka ku Mpima. Bambo wogulitsa dothi uja amandidziwa. Ulendo woyamba tinalimbana kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unasuntha. Atandiona anakhala pansi, n'kuvula chipewa, kukonzekera nkhondo. Anatchula mtengo wake woyamba, uja wongoyesera mwayi.

"Chabwino," ndinatero. "Mubweretse lero."

Anadzuka pamene anakhala paja.

"Mudala, mukudwala?"

Lofiira la pamwamba ndinalipala n'kulichotsa, lakuda n'kuthira mokhuthala. Kapinga anakapemphanso mayi a kunyumba, koma kubzala anati ndi kwanga. Ankakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, akuloza ndi chala: "Apo mwatalikitsa. Apo mwazika mutu pansi, mizu kumwamba." Ndinabzala kamtsitsi kamodzikamodzi nditagwada, ndipo ndinadziwa tanthauzo la mawu aja, akuti mawondo anga ali m'menemu.

Mwana anakamuyezetsa magazi ku Lusaka. Mayi ake anangotiuza kuti si zoti tigone osadya, koma azimuyezabe. Zambiri sananene, nane sindinaumirize. Masana amamusiya kwa mayi wina woyandikana naye, amene sindinamuonepo koma ndimamuchitira nsanje ngati mkazi mnzanga.

Masiku ano aneba akafuna kulowetsa intaneti ya waya amabwera kwa ine, poti ndine ndinayamba mumsewu muno. Amafunsa za liwiro, amafunsa ngati mpira umaoneka osadukiza. Ndimawauza kuti zimenezo n'zabwino zonse, alibe chodandaula. Koma ndimawatengera pabwalo n'kuwaonetsa mzere uja. Ndimati asanasaine afunse kuti waya adzera pati, ndipo akumba ndani. Akamva kuti Lachiwiri, afunse kuti la mwezi uti, ndipo piki asaigwire mpaka galimoto itaima pageti. Kabokosi kakale asathamangire kugulitsa. Mmodzi anandifunsa kuti nanga pholo lija, si kuba kumene kuja? Ndinamuuza kuti lipira, m'bale wanga, ulipsompsonenso. Anaseka, akuyesa nthabwala za pamsika.

Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa foni imalira. Timayamba ndi mwana: nyimbo za kusukulu, anzake atsopano, funso lake losatha lakuti abwera liti. Kenaka mayi ake amati, "Tiyeni panja, adadi." Ndimatuluka, n'kuwerama pageti, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo mpaka pakhoma, foni italoza pansi. Anthu odutsa mumsewu amaima n'kumaonerera mdala akujambula udzu. Netiweki siduka ngakhale kamodzi.

"Bwererani pang'ono. Kumanzere. Apo, adadi. Ndi chiyani icho?"

"Mthunzi wa tsamba."

"Chotsani tsambalo tione."

Sabata yatha panatsala mpata umodzi, pafupi ndi geti, wokwana zala zitatu. Ndinaganizapo zozula kapinga kuseri kwa nyumba n'kumata pamenepo Loweruka, koma mayi a kunyumba anandiona ndikuyang'ana kuseriko ndi nkhope yanga ya pamsika, n'kungoti, "Yesani." Ndiye ndimathirira. Dzulo madzulo ndinagwada pampata paja ndi kabekete kanga, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kuli munthu, n'kulankhula naye kapingayo ndi mawu otsika, aja ndimasungira makasitomala ovuta.

"Iwe, zala zitatu zokha. Tseka pofika Lamlungu, ndikuwonjezera manyowa a nkhuku."

Ndinalingalira zotembenuka n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko, mwina angandiitane. Koma ndinangotunga madzi ena.